Lembani nambala yanga

Agogo anga aamuna, Che Saidi, ndikawakumbukira chimayamba kufika ndi fungo: utsi wa nsomba zowamba wosakanikirana ndi petulo wa injini za maboti, fungo limene silinkachoka m'malaya awo ngakhale muwachape bwanji. M'mawa ankakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Senga Bay, ukonde uli pamiyendo, chingwe atachikoletsa ku chala chachikulu cha phazi, akusoka mabowo pamene azimayi ankayanika usipa pa thandala ndi kuthamangitsa akhwangwala. Pamenepo nyanja sinkaoneka, koma iwo ankaimva. Injini ikalira patali ankangoti, "Ameneyo ndi Yusufu, ndipo wabwera chimanjamanja. Tamvani mmene boti lapepukira." Mukathamangira kukaona, analidi Yusufu, analidi chimanjamanja.

Ndiwo anandilera mayi anga atamwalira. Kuwerenga sankadziwa, mafunso sankakonda. Ine ndiye ndinali ndi kakhalidwe kanga: chilichonse chikandipweteka ndinkabisa. Ndili kupulayimale ndinaponda mbedza yadzimbiri, n'kuizula ndekha, n'kumanga kansanza, osauza munthu chifukwa choopa jakisoni. Phazi linatupa. Tsiku lina ndikudutsa kumbuyo kwawo ndi ndowa ya madzi, anandiitana osatembenuka n'komwe.

"Asiyatu, phazi limodzi likuponda, linalo likungopempha. Watani?"

"Ndili bwino, agogo."

Anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala. Pobwerera anangonena mawu amodzi: "Iwe, 'ndili bwino' wakoyo ndilibe naye ntchito."

Nditasankhidwa kupita kukoleji ku Blantyre, tinauzidwa kuti wophunzira aliyense akhale ndi akaunti ya kubanki. Tinakwera minibasi kupita ku Salima pa boma, agogo atavala mkanjo wawo woyera ngati akupita ku ukwati. Mnyamata wa tayi anatikhazika pansi n'kuyamba kufotokoza: iyi ndi ya ana a sukulu, sitidula kanthu pamwezi, iyi imafuna kuti muzisiyamo kenakake, iyi ili ndi zakutizakuti. Ine ndinali nditasankha kale yosadula kanthu ija. Agogo anali atatsinzina ngati akuwodzera.

Kenako foni ya mayi wina amene ankachoka pa kauntala inalira. Agogo anatsegula maso.

"Achimwene, yalira chifukwa chiyani?"

Mnyamata uja anati ndi uthenga wa banki. Munthu akatapa ndalama, foni imalira nthawi yomweyo, koma uthengawo amadulira kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo wophunzira safunikira zimenezo.

"Ndiye imeneyo," anatero agogo. Anatulutsa m'thumba kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi mphira. "Lembani nambala yanga."

Ndinapsa mtima, kunena zoona. Mtsikana wamkulu, wopita kukoleji, kagulidwe ka sopo kazikalira ku Senga Bay! M'minibasi pobwerera, titadutsa misika yonse ya m'njira, ndinalephera kupirira.

"Agogo, ndiye kuti simundikhulupirira?"

"Ndalamazo udye, uvale, zako zimenezo," anayankha akuyang'ana pawindo. "Ine ndikufuna kumva kuti ukuyenda. Munthu amene ali bwino amadzuka, amapita kukatapa, amagula ndiwo. Pa foni undinamiza. A bankiwa sandinamiza."

Zina ndinazimva pambuyo pake kwa a Fuledi, amene ankatchajitsa mafoni pamsika. Foni ikalira, agogo ankasiya ukonde n'kupita nayo kwa iwo. "Musandiwerengere kuti ndi zingati, a Fuledi. Mungondiuza ngati ndi a banki." Akamva kuti ndi a banki ankati Alhamdulillah n'kubwerera pansi pa mango. Akamva kuti ndi aja otsatsa mabandulo ankatukwana pang'ono, mwaulemu, n'kubwererabe.

Chaka chachiwiri ndinkachita lendi kachipinda ku Ndirande ndi mnzanga wina. Iye atapita kwawo ku maliro, malungo anandigwira. Ndinamwa panado n'kugona, poganiza kuti mawa ndidzuka. Mawa lake sindinadzuke. Agogo anaimba, ine n'kukonza mawu bwinobwino.

"Ndili bwino, agogo. Mayeso chabe atipanikiza."

"Chabwino," anatero, n'kudula.

Masiku amene anatsatira sindiwakumbukira bwino. Ndimakumbukira denga la malata likuzungulira, ludzu, ndi ndowa imene inali pafupi ndi chitseko koma yooneka ngati ili kutsidya. Kenako m'mawa wina munthu anagogoda, ndipo chitseko chisanatseguke ndinamva fungo la utsi wa nsomba. Anali agogo, mkanjo utada ndi fumbi, kathumba ka usipa kali m'manja. Munthu amene Blantyre ankangomumva pa wailesi anakwera basi yekha, n'kukaima pa geti ya koleji akutchula dzina langa kwa aliyense wodutsa, mpaka mnyamata wa m'kalasi mwathu anawalondolera.

Kuchipatala adokotala anati magazi anali atachepa kwambiri, ndipo anafunsa chifukwa chimene tinachedwera. Nditayamba kupeza bwino ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji.

"Foni inakhala chete," anatero, akusenda nthochi.

Sanandikalipire, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Zaka zinapita, ndinayamba ntchito ku Lilongwe, agogo maso anafooka, ukonde anausiya. Ndinawatsegulira akaunti yoti ndiziwatumizirako kangachepe. Tinakhalanso pa mipando yomwe ija ya kubanki, ndipo wa banki atafunsa nambala ya foni ndinapereka yanga. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana uyu waphunzira zoipa."

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankadutsira kwa ejenti wa banki pamsika n'kutapa ya shuga ndi masamba a tiyi, ngakhale shuga alipo m'nyumba. Foni yanga inkalira ndili mu ofesi, ine n'kuyang'ana, n'kupitiriza ntchito. Sitinapanganepo zimenezi. Zinangokhala choncho.

Lachisanu lina foni sinalire. Ndinadikira mpaka nthawi yoweruka, kenako ndinaimba.

"Ndili bwino, Asiyatu," anatero. Mawu anali okonzedwa bwinobwino.

"Chabwino, agogo."

Ndinachita mantha ngati mwana. Ndinatseka kompyuta n'kulunjika kudepoti, kunyumba osadutsirako. Ndinawapeza ali gone pa mphasa, chifuwa chikulira ngati injini yolowa madzi, atauza anansi onse kuti asandivutitse. Atamva mapazi anga pakhomo sanatembenuke.

"Wabwereranji iwe?"

"Foni inakhala chete."

Anangoti, "Eya."

Ndinawatengera kuchipatala, ndipo tinakhala limodzi milungu ingapo, ine ndikuwasendera nthochi. Anamwalira mvula isanagwe, ine ndili pambali pawo.

Akaunti yawo ija a banki anaitseka kalekale, ndipo yanga tsopano imalira m'foni yanga ngati ya wina aliyense. Anzanga kuntchito amandidziwa kuti foni yanga imakhala m'chikwama, yosalira, sabata yonse. Koma Lachisanu masana, nthawi imene anthu amatuluka mu mzikiti, ndimangozindikira kuti ndaitulutsa, ndakweza voliyumu, ndaiika pa tebulo.