Mizere ya Chimanga cha a Mildred

Tsiku limene galimoto inamuzimira Tahira pa msika wa Lirangwe, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Anali atanyamula bambo wina wothamangira ndege ku Chileka. Bamboyo anatsika n'kukwera kabaza chikwama chili pamiyendo. Anyamata a pa siteji anakankhira galimotoyo pambali uku akumufunsa Tahira ngati akamugulire mabatire a tochi.

Tahira anatsamira chiwongolero n'kulira. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chathacho, n'kumusiyira mwana mmodzi, Sabrina, ndi luso loyendetsa galimoto basi. Ntchito ya takisiyi anaipeza movutikira kwa a Golden, amene anaitanitsa kagalimoto koyendera magetsi. Madzulo a tsiku la pa msika lija, a Golden sanazungulire. Anati kuli dalaivala wina wokhala kumpanda, wa geti ndi soketi panja, ndipo zikadzachitikanso makiyi apita kwa iyeyo.

Abale anga, galimoto yotere ili ngati foni, imafuna igone pa chaja. Magetsi Tahira anali nawo m'nyumba ku Chigaru, koma nyumbayo inali kuseri kwa munda wa a Mildred, mayi wachikulire woyandikana naye. Kanjira kake kanali kodutsa munthu ndi njinga. Galimoto inkagona kumsewu.

Poyamba anachita zimene ambirife timachita tikapanikizika. Analumikiza mawaya obwereka, polumikizapo n'kukulunga majumbo, n'kuwayala m'kanjiramo mpaka kumsewu. Mvula itagwa, waya anathetheka penipeni pomwe adzukulu a a Mildred ankasewera. Mulungu ndi wabwino, palibe anavulala. Koma mayiwo anakalipa mudzi wonse ukumva, kuti sadzaika mdzukulu m'manda chifukwa cha ganyu wa munthu wina. Tahira anakulunga mawaya ake mwamanyazi. N'chifukwa chake tsiku la pa msika lija ananyamuka batire ili yosakwana.

Ena akanabweza makiyi pomwepo. Iyeyu ayi. Anapita kwa a Mildred, anagwada n'kupepesa, koma mayiwo anangoyang'ana kumbali. Kenako anayenda khomo ndi khomo pa Lirangwe kupempha soketi. Wachigayo anati imuwotchera injini. Wagolosale anaopa moto. Pomaliza bambo wina wowotcherera zitsulo anamumvera chisoni, nati galimoto izigona mu shedi yake.

Kuchoka pa shedi kufika kwawo unali mtunda, si masewera. Madzulo aliwonse Tahira ankasiya galimoto n'kubwerera wapansi, m'mawa n'kulawirira matope ali m'miyendo. Unalinso mwezi wa Ramazani, ankayenda ali pa swaumu, kusala kwa Asilamu, osalawa ngakhale dontho la madzi. Akamadutsa pamunda paja ankaima, n'kupereka moni wake mwaulemu. A Mildred ankangopitiriza kupalira. Mawa lake moni yemweyo.

Ndiye ngati kuti mavuto sanakwane, wowotcherera uja anamuuza kuti akusamukira ku Lunzu. Apa mtima wa Tahira unasweka. Anamuuza Sabrina kuti mawa akukabweza makiyi asanachite kulandidwa. Mwana ndi mwana, Sabrina anakaziulula kwa anzake, adzukulu a a Mildred aja.

M'mawa mwake Tahira anatuluka makiyi ali m'manja, n'kuima chilili. A Mildred anali m'munda ndi chikwanje, akugwetsa chimanga chawo cha m'mbali mwa kanjira. Chinali chobiriwira, chitatulutsa kale ndevu, ndipo inali nyengo ija ya njala imene munthu amadikira mondokwa ngati mlendo wolemekezeka. Mizere ingapo inali itagona kale pansi kuyambira kumsewu.

"Amayi, mwatani? Chimanga chobereka kale ichi!"

Mayiwo anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno.

"Amake Sabrina, ndakhala ndikukuonani. Mapazi otupa, milomo youma, koma moni osandimana ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinakana waya, sindinakane inu. Pitani mukaitenge galimotoyo, izigona pakhomo ngati za anzanu."

Tahira anakhala pansi pa mapesi aja, misozi ili mbwembwembwe. A Mildred anamuseka kuti dalaivala wanji wolira chonchi, kenako iwonso n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

Sabata yomweyo Tahira anaitana wodziwa zamagetsi, anamuikira soketi yoyenera pakhoma. Galimoto inayamba kugona pansi pa zenera lake. Lero apaulendo ambiri akatsika ndege ku Chileka amaimbira iyeyu, ndipo a Golden nkhani ya makiyi sanaitchulenso.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwatopa kupereka moni wosayankhidwa, mwatopa kuyenda mtunda umene mukuona ngati palibe akuudziwa. Limbani mtima, musabweze makiyi. Amene wakhala chete uja si kuti sakuona ayi.