Mwala Umene Ndinabzala M'dimba

Unali mwala wooneka mkati ngati madzi, wautali ngati chala changa chaching'ono. Mbali zake zisanu ndi imodzi zinali zosalala, nsonga ngati pensulo yosongola kumene. Ndinauzula m'mphako ya thanthwe kumtunda kwa mtsinje wa Lisungwi, chilimwe chomwe ndinali mu Sitandade 4. M'mphakomo munali ina yambiri, yondandalikana ngati mano.

Amayi atangougwira anaugwetsa. "Mwala sukhala chonchi. Wina wausema, n'chithumwa ichi. Kataye m'chimbudzi!"

Amalume anandiikira kumbuyo. "Achemwali, miyala iyi imamera yokha."

"Imamera, eti? Umere tiuone. Ukapanda kumera, m'chimbudzi."

Ndinaubzala m'dimba pakati pa mpiru, n'kumauthirira m'mawa uliwonse. Sunasinthe. Ndinathira manyowa a mbuzi. Zii. Amalume sankanama, nanga mwalawu unkadikira chiyani?

Basi ndinauthandiza. Ndinabwerera kuthanthwe, n'kuzula wokulirapo, n'kusinthanitsa. Mlungu wotsatira ndinaika wina woposa pamenepo. Mpaka lero ndimati inali ntchito yaukatswiri, ndipo wofuna kuti ndipepese ayambe wapeza pokhala, chifukwa adikira nthawi yaitali.

Amayi anasiya kuthyola mpiru wa mbali imeneyo. Amalume anabwera, nagwada, nayeza mwalawo ndi kaudzu. Ndinkayembekezera kuti avina. Koma thukuta linangoti kamukamu pamphumi pawo.

"Iwe," anatero chapansipansi, "ndinati imamera, koma osati ngati bowa."

Sanaukhudze ndi dzanja. Anaunyamula pakhasu, mkono atautambasula, mpaka kuchimbudzi. Ndinangomva kuti thibu.

Pano kusekondale aphunzitsi a jogalafe anatifotokozera. Madzi otentha a pansi pa nthaka amasungunula zina za m'miyala n'kulowa nazo m'ming'alu. Akamazizira pang'onopang'ono, tinthu tosaoneka ndi maso timasanjikizana mwadongosolo limodzimodzi, kwa zaka zosawerengeka. Pakakhala danga, mbali zimatuluka zosalala. Pothinana sizituluka. Manyowa a mbuzi sanawatchule.

Koma tsiku lijalo ndinangoima pakhomo pa chimbudzi, ntchentche zikundizungulira, chitini chothirira chili m'manja. Amayi ankafuna kuutaya chifukwa sumera. Amalume anautaya chifukwa wamera. Sindinamvetse kuti mwala uzichita chiyani kuti akuluakulu ausiye pamtendere.