Mlandu wa Namawanga

Ndikukumbukira chaka chimene nandolo anabereka mopanda ulemu kwathu ku Mbulumbuzi. M'mawa nandolo, masana nandolo, madzulo nandolo yemweyo, mpaka mimba zathu zinkayimba kwaya. Ndiwo za nyama tinkangozimva kununkhira kwa eni.

Ine ndinali ndi nkhuku yanga yaikazi, Namawanga, imene anandipatsa amalume. Inali yaulesi, yakuba mphale pamkeka, koma inali yanga, ndipo masiku amenewo inali itayamba kufungatira mazira m'dengu lakale kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku lina dzuwa litakwera, kuseri komweko kunamveka kokoliriko wosasa mawu, wongophunzirira. Tambala tinalibe, anali atapita ndi chitopa. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anatuluka kubafa thovu lili kukhosi akukuwa kuti malodza! Kwathu nkhuku yaikazi ikalira ngati tambala, ndiye kuti ikuitana maliro, ndipo mankhwala ake ndi mpeni.

Bwalo linakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Woweruza anali bambo, mkulu wa mpingo amene Lamulungu lililonse ankaphunzitsa kuti usaphe, koma nandolo anali atawafika m'khosi. Mayi ndiwo anaimira Namawanga.

“Inu alamu, mwaiona ndi maso ikulira?”

“Makutu anga ndi maso omwe,” anatero azakhali. “Mukaisiya, mawa zonse ziphunzira. Ife tife chifukwa cha nkhuku?”

Mayi anati tiitsekere m'khola sabata imodzi, tione ngati ilirenso. Azakhali anati kudyetsa mkaidi n'kuononga madeya. Ine ndinagwada m'fumbi, mamina ali chuchuchu, ndikulonjeza kuti ndiimanga mlomo ndi luzi. Bambo anatsokomola, nayang'ana ntchafu za woimbidwa mlandu nthawi yaitali ndithu, kenako anati malodza sasewera nawo. Apilo kunalibe, madzi anali atawira kale.

Ndinalira, abale inu, ndinalira zenizeni. Koma ndisaname, chiwindi ndinadya, misozi ikugwera mumsuzi. Mazira aja anazizira, onse n'kusukusa.

M'mawa mwake tikumwa phala, kokoliriko uja! Mawu omwe aja osasa. Tonse tinathamangira kuseri, ndipo pamwamba pa mtondo panali pataima nkhuku yakuda ya azakhali, khosi lili tasa, ikubwereza kachiwiri kuti wina asakayike. Bambo anayamba kufunafuna chinthu m'thumba la malaya lopanda kanthu.

“Aaa, tisapupulume,” anatero azakhali mofatsa ngati sisitere. “Mwina ndi chimfine. Moyo ndi wa Mulungu, achimwene, kupha si masewera.”

Mayi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinafunsa kuti nanga Namawanga wanga abwera liti. Azakhali anangoti pepa mwanawe, zinachitika basi, uku akutokosa m'mano. Nkhuku yawo ija inakhululukidwa, inalira zaka zina zingapo, ndipo pakhomo sipanafe munthu.

Masiku ano ana anga sadziwa n'komwe zoti nkhuku imachita malodza, amangoidziwa ili m'pepala la pulasitiki. Koma pa wailesi akatsegula mafoni kuti tikambirane za chilango chonyonga, ndimamva mawu a azakhali m'maboma onse: anyongedwe basi, tisamawadyetse ndi misonkho yathu! Sindinena kuti opha anzawo ndi angelo, ayi, ndipo kulira kwa oferedwa ndimakumva. Kungoti ine ndinaona woweruza wanjala ndi mboni ya kubafa akugwirizana, ndipo wolakwa weniweni atalira m'mawa, wosalakwa tinali titamudya kale.