Chiwombankhanga cha Matene

Matene Kaihau anakalambira poweta nkhosa za mzungu, koma nkhosazo sanazikondepo ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinamumanga miyendo pafamupo chinali phanga la mwala woyera kuseri kwa phiri. Pakhoma pake makolo ake anajambulapo ndi makala pouakai, chiwombankhanga chija amati chinkatola mwana wa munthu ngati mwanapiye. Mbalameyo inatha kalekale, malo nawonso anapita kwa azungu. Banja lake linangotsala ndi chithunzicho, ndipo Matene ankafunitsitsa kuti mdzukulu wake wobadwira ku Australia adzachione iye asanatsikire kulichete.

Mkazi wake, Rangimarie, ankamutonza uku akusenda mbatata. "Bambo inu, anzanu akudya bwino kudoko, inu muli pano kulondera mbalame yakufa. Bwanji osangoikwatira?"

"Ndikanatero, mayi. Iyo ndiye silongolola."

Anamanga mpanda wa waya kuti nkhosa zisamadzikandepo. Koma mwala uja ndi wofewa, mphepo inkaudya pang'onopang'ono. Ataona phiko likuzimiririka, Matene anachita zimene bambo ake ankachita ndi mizati yosema ya m'nyumba ya msonkhano: anapakapo mafuta. A nsomba ya shaki, amene bambo akewo ankapaka, analibe, ndiye anapaka a nkhosa. Zomvetsa chisoni, chikondi chomwecho n'chimene chinawononga. Mafutawo anatsekera chinyezi m'kati, ndipo chisanu chitafika khoma linayamba kubenthuka. Pamene pabenthuka, iye ankabwezeretsapo ndi khala, akulira chamumtima. Chaka chino mlomo, chaka chinacho zikhadabo. Ngakhale mkazi wake sanamuuze.

Rangimarie atamwalira, mwana wawo anabwera kumaliro ndi mdzukulu uja, Hinewai, ali kale namwali. Mwambo utatha, Matene anakwera naye phirilo akupuma mwawefuwefu. Pakhomo pa phanga anavula chipewa, n'kuyamba kutchula mayina a makolo mmodzimmodzi.

Hinewai anayang'anitsitsa khomalo. Kenako anakhudza phiko ndi chala, khala n'kumumatirira.

"Agogo, mwajambula bwino ndithu," anatero mwaulemu. "Nanga cha makolocho chili pati?"

Matene anakweza dzanja kuti amulozere. Analiyendetsa kuchokera kumutu kukafika kumchira, akufunafuna mzere umodzi wokha umene sunali wake. Sanaupeze.