Paipi yonyezimira ya Beston

Beston ndi mlongo wanga, chitsirizira m'mimba mwa amayi, ndiye ndikamamunena sindikumujeda. Munthuyu si waulesi. Bambo athu anagwira ntchito ya njanji kuno ku Kabwe mpaka kupuma, n'kutisiyira nyumba ya ku Ngungu ndi khama basi. Khamalo analitenga ndi Beston. Anagulitsapo makala, anakankhapo wilibala pamsika, mpaka anagula njinga yamoto yogwirako kale ntchito, imene amadyetsera mkazi wake ndi mwana wawo Natalie. Vuto lake n'limodzi: chinthu chikangonyezimira, nzeru zimamuthawa.

Ntchito imene inkamusunga kwenikweni inali ya kwa mayi Irene, amene amaweta nkhuku zoyera za nyama cha ku Mpima. Ankawanyamulira matumba a chakudya cha nkhuku kuchokera m'tauni, nkhukuzo zikakula n'kumakazitula kwa ogulitsa pamsika. Okwera wamba amabwera lero, mawa osaoneka, koma nkhuku zimadya tsiku lililonse. Mayiwo anamupatsa lamulo limodzi lokha: nkhuku zimenezi sizichedwa kudzidzimuka, pafupi ndi khola pasamveke phokoso.

Kenaka anyamata anzake a njinga pasiteji yodikirira okwera anayamba kuika mapaipi a utsi atsopano, onyezimira, olira ngati chigayo. Eni ake amati ekizozi. Anamunyengerera Beston kuti ukaika paipi yotere njinga imawonjezera mphamvu, iye n'kukhulupirira. Tsiku lina ndinangomva mazenera akunjenjemera. Potuluka, ndinapeza Beston ali pakhomo, mano onse pamtunda.

"Ba sisi, mwaimvela? Manje ili na pawa. Ku Mpima nizayamba kufika fasiti."

"Iwe, pawa inkala mu injini olo mu chongo?" ndinamufunsa.

Sanandimve n'komwe, phokosolo linameza mawu anga.

A Saulos, makaniko amene akhala akuikonza njingayo kuyambira kale, anamuuza poyera kuti pa kanjinga kakang'ono chonchi paipi yokha siwonjezera liwiro, ingoyamba kuwomba ndi kumwa mafuta. Beston anati akuluwo ndi achikale. Mafuta anayambadi kutha msanga. Akamachepetsa liwiro, paipiyo inkaphulika ngati mfuti. Atasenza matumba, pachitunda njinga inkabuulabe monga kale, kungoti tsopano Ngungu yense ankamva kuti ikuvutika. Koma khutu likamva mkokomo, thupi limayesa likuuluka. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Pomaliza ndinati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha m'manja. Chondiwawa n'chakuti siinafotere iye yekha.

Chilungamo chake, lamulo la mayi Irene sanaliiwale. Akafika pageti ankazimitsa injini, n'kukankha njinga mpaka kukhola, thukuta kamukamu. Tangoganizani, munthu wagula liwiro, mapeto ake akukankha.

Tsiku lina masana kunachita mdima wa mvula iye ali m'njira ndi matumba. Chakudya cha nkhuku chikanyowa chimachita nkhungu, ndiye kuti chatayika. Madontho atayamba, anaganiza zongolowa osazimitsa, kuti apulumutse katundu wa eni. Anafika pakhomo pa khola, n'kuchepetsa liwiro. Paipi inawomba.

Nkhuku zinathawira pakona imodzi, zinzake pamwamba pa zinzake. Zinali zitanenepa kale, zongodikira msika. Pamene mayi Irene ankazibalalitsa, zapansi zinali zitabanika n'kufa. Beston anathandiza kuzitulutsa n'kuzindandalika pakhonde, mvula ikumukhuthukira pamsana.

Mayi Irene sanakalipe. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana paipi, kenaka anamuitana mwaulemu ngati bambo a Natalie.

"Bashi Natalie, siyani masaka apo. Muyende bwino."

Bola akanamutukwana. Wotukwana mtima umatsika, mawa mumalonjerananso. Ulemu wotere ndi chitseko chotsekedwa.

M'mawa mwake anathamangira kwa Chansa, wowotcherera zitsulo amene anamuikira paipiyo, kukafuna yakale ija. Anapeza yadulidwadulidwa kale, yasanduka miyendo ya mbaula. Ine ndinavala chitenje n'kukwera minibasi kukamupepesera ku Mpima. Mayiwo anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi, koma anati ntchito apereka kale kwa wina.

Masiku ano Beston amaswera pasiteji kudikira okwera. Amayi obereka ana amamulambalala, achikulire amati makutu awo ngotopa kale. Mkazi wake wayamba kuchapira anthu zovala. Ukamufunsa za paipiyo amazemba nkhani, komabe ndinamumva akuuza mnzake motsitsa mawu kuti pamsewu wowongoka imathamangako pang'ono. Ndinapsa mtima mpaka ndinalowa m'nyumba.

Matumba a mayi Irene tsopano amanyamula Alex wa mzere wa nyumba zathu womwewu, pa kanjinga kotuwa, kotha utoto. Amadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse Beston akupukuta paipi yake, ndipo sitimumva n'komwe akamadutsa.