Chitini Chimodzi cha Mchere

Ndikukumbukira tsiku limene kalasi yathu yonse ku Misuku inasauka mwadzidzidzi. Ndinali mtsikana wa Sitandade 5, ndipo Chingerezi ankatiphunzitsa a Kamwendo, bambo wamtali wa ku Dedza amene ankangokhalira kuterereka m'njira zathu zamatope.

Lachisanu lina anatituma kukaona za m'nyumba mwathu, kuti Lolemba tidzanene m'Chingerezi mabotolo angati a palafini, matumba angati a khofi. Ankati tizolowere kutchula zotengera zikakhala zambiri.

Mayi atamva anasiya kupeta. Pansi pa bedi panali matumba a khofi amene bambo ankafuna kuwolotsa mtsinje wa Songwe kupita nawo ku Tanzania m'malo mogulitsa kumsika wa boma. Masiku amenewo magendo, malonda ozembetsa otere, ankamangitsa munthu, ndipo amalume anali atatengedwa kale ndi anyamata a chipani pa nkhani yochepa kuposa imeneyi.

"Yayi, mwana wane, izi si za sukulu," anatero mayi. "Mphunzitsiyo wamutuma ndani? Iwe ukanene chitini chimodzi cha mchere, basi."

Lolemba ndinanenadi zomwezo. Wotsatira anati botolo limodzi la mafuta. Makolo onse anali atagwirizana osakumana n'komwe. Ngakhale mwana wa mwini golosale anaimirira wopanda manyazi n'kunena kuti kwawo kuli bokosi limodzi la machesi.

A Kamwendo anapukuta choko m'manja.

"Chabwino, ndinene zakwanga. Kuli mitanda iwiri ya sopo wa ku Tanzania."

Analemba zimenezo pabolodi ndi dzanja lawo. Tonse tinkadziwa mmene sopo wotere ankawolokera mtsinje.

Nditawauza mayi, anati imeneyo ndi nyambo chabe. Ndinawakhulupirira, ndipo ndinayamba kuwaopa aphunzitsiwo kuposa kale. Palibe anakawanenera kuchipani, komanso palibe anawaitanapo kudzamwa madzi pakhomo. Atasamutsidwa, anatsika phiri okha, sutikesi pamutu.

Lero nanenso ndine mphunzitsi, ndipo ana amandiwerengera za m'nyumba mwawo mosekerera, ena n'kuwonjezera zabodza kuti atchuke. Ndikawamva ndimagwidwa chisoni. Bambo sanamangidwe, ndipo mayi mpaka imfa yawo ankati n'chifukwa cha chitini chija. Ine ndikuona kuti mlendo wa ku Dedza uja anazindikira mantha athu, n'kutipatsa chomumangitsira iyeyo kuti timukhulupirire. Ife tinangomusiya atatambasula dzanja.