Chaka Chimene Ndinaonda Chifukwa cha Mutu

Mutu waching'alang'ala unandiyamba nditabereka mwana wachiwiri, thupi litabwera. Nthawi imeneyo ndinkataipa makalata mu ofesi ina ya boma ku Zomba. Ukati uyambe, diso lakumanzere linkaona tinyenyezi, kenako nseru. Ndinkatseka makatani n'kugona pansi pa desiki, anzanga n'kumati ndikuthawa ntchito.

Mapiritsi atandikwana, ndinapita pa kachipatala kena komwe kunali dokotala wamkazi wochokera ku Korea, wolankhula Chichewa chodukaduka. Anandikweza pa sikelo.

"Amayi, thupi lachuluka," anatero. "Kwathunso ndinkaona odwala ngati inu. Chepetsani, mwina mutu uchepa."

"Mwina?"

"Mwina."

Ndinasiya mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga. Loweruka lililonse ndinkanyamuka ku Zakazaka wapansi n'kukwera msewu wa kuphiri, wefuwefu. Azimayi otsika ndi mitolo ya nkhuni ankandifunsa ngati galimoto yandifera panjira.

Patatha miyezi isanu masiketi anayamba kukhwepa. Mutu unachepadi, unkabwera kawiri pamwezi m'malo mwa sabata iliyonse. Koma zinali zaka zija maliro ali ponseponse, ndipo munthu akaonda aliyense ankati akudziwa chifukwa chake. Ku ofesi kapu yanga anayamba kuiika payokha. Kutchalitchi mayi wina anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kuti, "Limbani mtima."

Apongozi anga aakazi anatulukira kuchokera ku Mbedza osatumiza ngakhale uthenga.

"Mwananga, tiuzeni zoona. Mwadwala chiyani?"

Ndinawafotokozera za dokotala uja.

"Dokotala wanji wouza munthu wabwinobwino kuti aonde? Anthu akuti mwana wanga sakukudyetsani, ena akunena zina."

Amuna anga anali pompo, akudziwa zonse, koma sanandiikire kumbuyo, anangoyang'ana pansi. Zimenezo zinandipweteka kuposa mutuwo.

Ndinakayezetsa magazi n'kubwera ndi pepala losonyeza kuti ndilibe kachilombo. Apongozi analitembenuza uku ndi uku.

"Chabwino. Ndiye muzidya."

Ndinabwerera ku kachipatala kaja kuti dokotala adzawafotokozere yekha, koma anali atapita kwawo. Ndinatopa nako kufotokozera munthu aliyense, ndipo kuphiri ndinasiya. Pofika Khirisimasi thupi linali litabwerera. Anthu anayamba kundiyamikira kuti ndachira, sabata yomweyo imene ndinagona masiku awiri m'chipinda cha mdima, beseni lili pambali.